M'mera Mpoyamba: Kulimbirana Msewu mu League of Legends ndi Dota 2

Pa 6 Epulo 2013, mnyamata wa zaka 16 anasewera koyamba mu ligi yaikulu ya League of Legends ku South Korea. Dzina lake ndi Lee Sang-hyeok, koma dziko lonse limamudziwa kuti Faker. Amene anayang'anizana naye pa msewu wapakati anali Ambition wa timu ya CJ Blaze, katswiri amene anzake ankamuopa nthawi imeneyo. Ngwazi imene Ambition ankayendetsa, Kha'Zix, itafika pa mlingo 6 inaima chilili kwa kamphindi kuti isinthe thupi, monga imachitira ikamakula. Inali m'munsi mwa nsanja yake, malo amene aliyense amadziona kuti ndi wotetezeka. Faker, amene ankagwiritsa ntchito Nidalee, anailumphira pomwepo n'kuipha.

Ofotokoza nkhaniyi amatama liwiro la zala zake. Chimene chimandigwira mtima ine ndi ntchito imene inachitika kamphindiko kasanafike. Kuti munthu aphe pa mpata waung'ono chotero, amayenera kukhala ataima kale pamalo oyenera, moyo wake uli wokwanira, mphamvu zake zili zokonzeka, ndipo tiasilikali ta mdani tisakumutchinga. Kupha kumaoneka pa sikirini ndipo kumaimbidwa m'manja. Kukonzekera sikuoneka. Komatu amene akufuna kusewera bwino mphindi zoyamba ayenera kuphunzira mbali yosaonekayo, ndipo mtima wake uli pa chinthu chimene ambiri amachinyozera: gulu la tiasilikali limene limaguba mu msewu.

Bwalo la misewu itatu

Masewerawa anabadwira m'manja mwa osewera wamba. Mu 2003 munatuluka Defense of the Ancients, mwachidule DotA, mapu amene anthu anadzipangira m'sewero la Warcraft III la kampani ya Blizzard. Pa tsinde limeneli panaphuka nthambi ziwiri zazikulu: League of Legends, imene Riot Games inatulutsa mu Okutobala 2009, ndi Dota 2 ya kampani ya Valve, imene inatsegulidwa kwa onse mu Julaye 2013. Pa foni palinso Mobile Legends: Bang Bang ya mu 2016. Onsewa mafupa ndi amodzi. Matimu ndi awiri, a anthu asanu asanu, ndipo aliyense amayendetsa ngwazi imodzi. Timu iliyonse ili ndi likulu pangodya ya mapu. Misewu itatu, wakumtunda, wapakati ndi wakumunsi, imalumikiza malikuluwo, ndipo m'misewumo mwaima nsanja zowombera adani. Pakati pa misewu pali nkhalango ya zilombo. Wagwetsa mtima wa likulu la mnzake ndiye wapambana.

Masekondi 30 alionse, likulu lililonse limatumiza tiasilikali toyendetsedwa ndi kompyuta mu msewu uliwonse. A League amati minions, a Dota amati creeps. Mu League gulu limakhala ndi titatu tomenya pafupi ndi titatu toponya patali, ndipo kumayambiriro gulu limodzi mwa atatu alionse limadza ndi kamzinga. Mu Dota 2 timakhala titatu tomenya pafupi ndi kamodzi koponya patali, ndipo ngolo ya mzinga imadza pa mphindi 5 zilizonse.

Gawo loyamba la sewero, limene osewera amati laning phase, ndi nthawi imene aliyense amakhala pa msewu wake nsanja zoyamba zisanagwe, kawirikawiri mphindi 10 mpaka 15. Kagawidwe kamene ambiri amatsatira mu League, mmodzi kumtunda, mmodzi pakati, awiri kumunsi ndi mmodzi m'nkhalango, kanatchuka ndi matimu a ku Ulaya mu 2011, chaka chimene Fnatic inatenga chikho choyamba cha dziko lonse ku Jönköping, m'dziko la Sweden. Manambala a m'masewerawa amasinthasintha, pakuti Riot imakonza sewero lake pafupifupi milungu iwiri iliyonse. Koma mfundo zake zakhala chikhalire.

Golide ali m'tiasilikali

Osewera eni ake amatchula ntchito ya pamsewu kuti farm, ndiko kuti kulima, ndipo dzinali n'loona. Ngwazi imakula ndi zinthu ziwiri. Choyamba ndi XP, imene imakweza mlingo wake ndipo imabwera ngati waima pafupi kamsilikali ka mdani pamene kakufa. Chachiwiri ndi golide wogulira zida, amene amapita kwa yekhayo amene wakamenya komaliza. Mukakamenya msanga katsala ndi moyo, tinzake ta mbali yanu tikamaliza, inu mwatuluka chimanjamanja. Luso limeneli amati last hit, ndipo chiwerengero cha timene mwamaliza amachitchula CS.

Tiyeni tiwerengere. Kwa zaka zambiri mu League kamsilikali komenya pafupi kankapereka golide 21, koponya patali 14, kamzinga 60 kapena kuposa. Kupha ngwazi ya mdani kumapereka 300. Ndiye kuti, pa manambala amenewo, gulu lopanda mzinga ndi golide 105, ndipo magulu atatu otsatizana, limodzi lili ndi mzinga, ndi 375. Mphindi imodzi ndi theka ya kukolola mosaphonya imaposa kupha munthu.

Pa mphindi iliyonse mu msewu mumadza tiasilikali 12 kapena 13. Akatswiri amafika pa 9 kapena 10. Tiyerekeze kuti inu mukukolola 5 ndipo mnzanu 9. Pakutha mphindi 10 wakusiyani ndi tiasilikali 40, golide woposa 700. Ameneyo wakuphani kawiri osakukhudzani ngakhale kamodzi, ndipo inu simunamve kupweteka kulikonse mpaka pamene akubwera ndi chida chimene inu simungachikwanitse. Wosewera wina wa ku Korea, Flame, ankasiya adani ake kutali chotero mpaka owulutsa masewera anayamba kutchula kusiyana kwa CS 100 kuti Flame Horizon.

Kukolola kumavuta kwambiri gulu likafika pansi pa nsanja yanu, chifukwa nsanjayo imawombera tiasilikali ndi kukulandani chakudya pakamwa. Koma kuwombera kwake kuli ndi ndondomeko. Kumayambiriro kwa sewero, kamsilikali komenya pafupi kamene kali ndi moyo wonse mumakasiya nsanja ikawombere kawiri, inu n'kumaliza. Koponya patali mumakamenya kamodzi, nsanja kamodzi, inu n'kumalizanso. Amene wazolowera zimenezi saopanso kupanikizidwa.

Mu Dota 2 muli msampha wina. Kamsilikali kanu kakatsala ndi moyo wosakwana theka, mukhoza kukapha nokha. Amati deny. Mdani sapeza golide, ndipo XP amalandira yochepa. Choncho kamsilikali kalikonse kakamafa, anthu awiri amakhala atakaloza, ndipo wopambana ndi amene akudziwa bwino kutalika kwa nthawi imene ngwazi yake imatenga kuchokera pokweza dzanja mpaka nkhonya kufika.

Kusinthana nkhonya

Anthu awiri sangakolole munda umodzi mwamtendere. Kumenyana kwa kanthawi kochepa kumene kumachitika, uyu n'kubwerera uyu n'kubwerera, amati trade. Funso lake ndi limodzi: ndani wataya zambiri?

Nthawi yabwino yomenya mdani ndi pamene akufuna kumaliza kamsilikali. Yang'anani tiasilikali tanu. Kamene moyo wake watsala pang'ono ndiko kadzamukoke kuti asendere kutsogolo, ndipo pamene akukamenya sangakumenyeni inu. Ali ndi njira ziwiri: kutenga golide n'kulandira nkhonya yanu, kapena kubwezera n'kutaya golide. Iliyonse imene angasankhe, inu mwapindula. Pachifukwa ichi wosewera wabwino amayang'ana moyo wa tiasilikali take monga mmene amayang'anira wa ta mdani.

Nthawi yachiwiri ndi pamene mdani wangogwiritsa ntchito mphamvu yake yaikulu. Mphamvu iliyonse ikagwira ntchito imapuma masekondi angapo, ndipo pa milingo yoyamba kupumako kumakhala kwakutali. Blitzcrank wa mu League ndi Pudge wa mu Dota amaopsa chifukwa cha mbedza imene amakokera mdani. Mbedzayo imagwira chinthu choyamba chimene yakumana nacho, choncho kuima kumbuyo kwa tiasilikali tanu ndi chishango. Ikaponyedwa n'kuphonya, mwiniwake amakhala ngati njoka yochotsedwa mano kwa masekondi oposa 10. Imeneyo ndiyo nthawi yanu yosendera kutsogolo.

Chachitatu, chimene oyamba kumene amaiwala, n'chakuti tiasilikali timabwezera. Mukamenya ngwazi ya mdani muli pafupi ndi gulu lake, tonse timatembenukira kwa inu. Pa mlingo 1 kapena 2, tiasilikali 6 tikakuunjikirani timapweteka kuposa nkhonya za ngwazi. Ambiri amene amadabwa kuti agonja bwanji chikhalirecho ndiwo anayamba kumenya, anagonjetsedwa ndi tiasilikali. Musanayambe ndewu werengani: take tilipo tingati, tanu tingati? Mu League, kulowa m'tchire la m'mbali mwa msewu kumachititsa kuti tikusiyeni, chifukwa sitikuonaninso.

Kutalika kwa dzanja nakonso n'kofunika. Mu League, Caitlyn amawombera pa mtunda wa 650, Vayne pa 550. Kusiyana kwa 100 kumeneko kumatanthauza kuti Caitlyn akhoza kumenya n'kubwerera Vayne asanafikire. Amene ali ndi dzanja lalitali amafuna nkhonya zing'onozing'ono zambiri. Wa dzanja lalifupi amapirira, n'kusunga moyo wake kudikira ndewu imodzi yathunthu. Cholinga cha zonsezi kawirikawiri sichikhala kupha. Mdani amene watsala ndi moyo wochepa amaima kutali, amaphonya magulu, kapena amabwerera ku likulu pa nthawi yoipa. Phindu lenileni la nkhonya zanu lili pamenepo.

Mpikisano wa mlingo 2

Pali mphindi zina pamene ngwazi imakula modzidzimutsa. Yoyamba ndi mlingo 2. Amene wafikapo ali ndi mphamvu ziwiri pamene mnzake ali ndi imodzi, ndipo moyo wake wawonjezeka. Mu League, kwa zaka zambiri, wokhala yekha pa msewu amafika pa mlingo 2 kamsilikali ka nambala 7 kakafa, ndiko kuti gulu loyamba lonse ndi kamodzi komenya pafupi ka gulu lachiwiri. Kumunsi, kumene awiri amagawana XP, ndi ka nambala 9. Odziwa amawerenga chamumtima, ndipo amayamba kusendera kutsogolo kamsilikali komalizako kasanagwe, kuti mlingo ukangokwera akhale ali kale pakhosi pa mdani. Mukaona kuti mpikisanowu mwagonja, bwererani m'mbuyo msanga. Kutaya tiasilikali tiwiri n'kopepuka kuyerekeza ndi kutaya theka la moyo.

Mphindi ina ndi mlingo 6, pamene ngwazi zambiri m'masewera onse awiri zimalandira mphamvu yake yoposa zonse. Mu League, Kassadin asanafike pa 6 ndi wofooka, akafikapo amayamba kudumpha ndipo savutika kuthawa. Darius ndi Renekton amalusa kuyambira pachiyambi. Nasus amayamba pansi, koma nkhonya yake imakula ndi kamsilikali kalikonse kamene wamaliza nayo. Choncho sewero lisanayambe dzifunseni: pakati pa ine ndi uyu, nthawi ili ku mbali ya yani? Ngati ikukomera inu, msewu wabata ndi chipambano chanu. Ngati ikukomera iye, bata lililonse ndi ngongole imene mudzalipire kutsogolo.

Kuweta gulu

Apa ndi pamene pagona nkhani. Tiasilikali sitiganiza, koma timatsatira malamulo, ndipo amene wawadziwa amatiweta monga mbusa amachitira ndi ng'ombe.

Malamulo ake ndi awiri. Loyamba: gulu limene lili ndi tiasilikali tambiri limagonjetsa linzake n'kusendera kutsogolo. Lachiwiri: magulu ofanana akakumana pafupi ndi mbali yanu, tiasilikali tanu tatsopano timafika msanga kuposa ta mdani, timayamba kumenya msanga, ndipo pang'onopang'ono nkhondo imasunthira kwa iye. Nkhonya iliyonse yowonjezera imene mwamenya kamsilikali ka mdani imakankha gulu lanu kutsogolo. Woyamba kumene amamenya chilichonse chimene chili patsogolo pake, gulu lake limafika pa nsanja ya mdani, ndipo iye amapezeka ali kutali ndi kwawo, msana uli pamtunda, osadziwa kuti wadziika yekha pamenepo.

Odziwa amasankha chimodzi mwa zitatu.

Choyamba ndi kuimitsa gulu, kumene amati freeze. Mumalola kuti tiasilikali ta mdani tichuluke ndi titatu kapena tinayi kuposa tanu, ndipo mumatisunga kutsogolo pang'ono kwa nsanja yanu, pamene siingatifikire. Simumenya kanthu kupatula komaliza. Nkhondo ya tiasilikali imakhazikika pakhomo panu. Inu mukukolola muli pa mthunzi wa nsanja, pamene mdani kuti akolole ayenera kuyenda msewu wautali ndi kuika moyo wake pachiswe. Ngati ndinu wamphamvu kuposa iye, mumaima pakati pa iye ndi tiasilikali, ndipo sapeza ngakhale XP. Njira imeneyi imapweteka kwambiri pa msewu wakumtunda, umene ndi wautali ndipo thandizo limachedwa kufika. Mtengo wake ndi wakuti inunso mwadzimangirira: simungachoke kukathandiza anzanu.

Chachiwiri ndi kukankha pang'onopang'ono. Mumapatsa gulu lanu mwayi waung'ono, kamsilikali kamodzi kapena tiwiri, kenako mumangomaliza. Gululo limayenda mochedwa, lachiwiri limalipeza, lachitatu limalipezanso, mpaka limasanduka khamu. Nthawi yonseyi mdani sangakuyambeni, chifukwa kumenyana nanu ndi kumenyana ndi khamulo. Likafika pa nsanja yake amakhala ndi ntchito yambiri, ndipo akafa kapena kuthawa, nsanja yake imadya golide wa magulu atatu. Inu mwagula nthawi. Mukhoza kupita kukaika ward younikira malo amdima, kukathandiza kupha chinjoka chimene matimu amalimbirana, kapena kukagula zida.

Chachitatu ndi kukankha mwachangu, kupha gulu lonse ndi mphamvu zanu kuti tanu tikafike pa nsanja yake msanga. Mumatero mdani akafa, akabwerera ku likulu kapena akapita ku msewu wina, kuti nsanja yake iphe tiasilikali tanu iye asanakolole. Mumateronso pofuna kukhala woyamba kuchoka pa msewu. Ufulu umenewu amati priority, ndipo pa msewu wapakati ndi chuma chachikulu: ndewu ikabuka kumtsinje wodutsa pakati pa mapu, amene wakankha amafika msanga, mnzake akadali kulimbana ndi tiasilikali.

Chimene chimalumikiza zitatuzi ndi kubwerera kwa gulu. Tanu tikafera pa nsanja ya mdani, magulu otsatira amakumana ku mbali yake, ndipo malinga ndi lamulo lachiwiri lija, nkhondo imayamba kusunthira kwa inu. Ndiye kuti mukhoza kukankha pang'onopang'ono, kufikitsa khamu pa nsanja, kupita kukagula zida, n'kubwera kudzapeza gulu likubwera lokha pakhomo panu, pamene mungaliimitse. Choipa koposa ndi kusiya ntchito pakati: gulu lakankhidwa koma silinafike pa nsanja, laima pakhomo pa mdani, ndipo amene akuliimitsa tsopano ndi iye.

Mu Dota 2 mfundo ndi zomwezi koma zipangizo n'zochuluka. Pachiyambi osewera amatchinga tiasilikali tawo ndi thupi kuti tichedwe ndipo tikakumane ndi ta adani pafupi ndi nsanja yawo. Wothandizira amakoka zilombo za m'nkhalango kuti zikumane ndi gulu lake, gululo n'kupatuka kukamenyana nazo, ndipo nkhondo ya pamsewu imabwerera m'mbuyo. Wina amaloza ngwazi ya mdani ngati akufuna kuimenya, tiasilikali n'kumuthamangira, iye n'kubwerera nato ku malo amene akufuna. Pa msewu wapakati, wowombera kuchokera m'chigwa kumka pa chitunda amaphonya kamodzi pa kanayi, choncho gulu likaima pa chitunda chanu, mwapambana kale theka la mkangano.

Mlendo wochokera m'nkhalango

Pa msewu simuli awiri okha. Mu League muli jungler, amene amakolola zilombo za m'nkhalango ndipo amatulukira mwadzidzidzi kudzathandiza kupha. Kulalira kumeneku amati gank. Kawirikawiri amamaliza ulendo wake woyamba cha m'ma mphindi zitatu, ndipo amatulukira ku mbali yosiyana ndi kumene anayambira. Mu Dota 2 ntchitoyi amaigwira othandizira ndi wa pakati, makamaka usiku ukagwa pa mphindi 5 ndipo ngwazi zambiri zikayamba kuona pafupi.

Chida chodzitetezera ndi ward, kanthu kamene mumaika pansi kuti kakuonetseni malo amdima. Koma ward yoikidwa pa nthawi yolakwika ndi yotayika. Ikani pamene gulu lanu layamba kusendera kwa mdani, ndipo ikani kutali mokwanira kuti mukaona mlendoyo mukhale ndi nthawi yothawa. Mukatero, imani ku mbali ya msewu imene mukuiona. Ndipo ward siithandiza amene sayang'ana mapu aang'ono a pangodya. Chizolowezi chabwino ndi kuponyako diso mukangomaliza kamsilikali kalikonse.

Khalidwe la mdani nalo limaulula. Munthu amene wakhala akuthawa kwa mphindi zitatu akayamba mwadzidzidzi kukuyandikirani, sikuti walimba mtima lero. Ali ndi mnzake m'tchire. Komanso sungani nthawi ya Flash, mphamvu yodumphira imene pafupifupi aliyense mu League amatenga. Ikagwira ntchito imapuma masekondi 300. Mdani akaigwiritsa ntchito pa 4:00, mpaka 9:00 alibe pothawira, ndipo jungler wanu ayenera kuuzidwa. Ikakhala yanu imene yapita, mphindi zisanu zimenezo gulu likhale pafupi ndi nsanja yanu.

Kudziwa nthawi yopita kwanu

Golide wa m'thumba samenya nkhondo. Ayenera kusanduka zida, ndipo mu League sitolo ili ku likulu. Kubwerera kumatenga masekondi 8 muli chiimire, kuphatikizapo ulendo wobwerera ku msewu. Mukachoka gulu la mdani likubwera kwa inu, nsanja yanu idzadya zonse. Mukachoka mutafikitsa lanu pa nsanja yake, mumataya zochepa. Nthawi yabwino koposa ndi pamene gulu lotsatira lili ndi kamzinga, chifukwa kamapirira ndipo kamachedwetsa mdani amene akufuna kukankha.

Chimene chimapha ambiri ndi mawu akuti "gulu limodzi lokha, kenako ndipita". Moyo watsala pang'ono, golide wakwana, koma maso ali pa tiasilikali tina 6. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Imfa imodzi pamenepo imapatsa mdani 300, imakutayitsani gulu limodzi kapena awiri ndi XP yake, ndipo imam'patsa ufulu woika gulu pamene akufuna. Zidutswa za golide zimene Riot inaika pa nsanja kumapeto kwa 2018, zimene amati plates, zinawonjezera chilango cha imfa yotero, komanso nyambo yokopa adyera.

Awiri pa msewu umodzi

Kumunsi mu League, ndi m'misewu ya m'mbali mu Dota 2, mumakhala awiriawiri: wokolola ndi wothandizira. Pa mphindi zoyamba, amene amalamulira msewu ndi wothandizirayo, chifukwa maso ndi manja ake sali pa tiasilikali. Akaima kumbuyo kwa mnzake, wokolola amalandira nkhonya za anthu awiri. Lamulo losavuta ndi kuyenda mofanana: wina akasendera kutsogolo, mnzake asenderenso, kuti pasapezeke mphindi imene adani awiri akufikira mmodzi pamene winayo sakufikira aliyense. Mwa ngwazi zothandizira za mu League, Leona amafuna kulumphira ndewu, Soraka amafuna kuchiza ndi kupirira. Wokolola amene sakudziwa chimene mnzake amafuna adzabwerera pamene anayenera kulowa. Mutu umodzi susenza denga, ndipo awiri amene agwirizana pa njira yosakhwima amaposa awiri aluso amene aliyense akukokera kwake.

Kodi wopambana pa msewu ndiye wopambana sewero?

Apa anthu amasiyana maganizo. Ena amati msewu ndiwo zonse, chifukwa golide amabala golide: chida choyamba chimabweretsa kupha, kupha kumabweretsa nsanja. Ena amati ambiri amapambana pa msewu n'kugonja sewero, ndipo akunena zoona. Chovy wa ku Korea anadziwika kuyambira 2018 monga wokolola woposa anzake pa msewu wapakati, koma chikho cha ligi ya kwawo anachitenga koyamba mu 2022, ndipo chikho chachikulu cha pakati pa mayiko, MSI, mu 2024. Kutsogola pa msewu kuli ngati chimanga cha m'nkhokwe. Chimathandiza chikatuluka kukadyetsa mudzi, ndiko kuti chikasanduka nsanja, chinjoka, kapena thandizo kwa mnzanu amene wapanikizika.

Matimu akuluakulu afika mpaka pothawa msewu woipa, kutumiza awiri akumunsi kumtunda kuti asakumane ndi amene angawagonjetse. Riot inasintha malamulo mu 2016 ndiponso mu 2025 pofuna kuletsa mchitidwewu. Zimenezi zikusonyeza kulemera kwa mphindi zoyamba: akatswiri amalolera kusokoneza mapu onse kusiyana n'kuti agonje pa msewu.

Nanga mukagonja pa msewu? Luso la kugonja pang'ono ndi losowa kuposa la kupambana. Wafa kamodzi ali kumbuyo ndi golide wochepa, ndipo akhoza kubwerera. Koma mtima umafuna kubwezera, ndipo amalowanso ndewu ndi munthu amene tsopano ali ndi chida choposa chake. Imfa yachiwiri ndi yachitatu ndizo zimawononga sewero la anthu asanu. Siyani tiasilikali toopsa, khalani pafupi kuti XP isakupiteni, lolani gulu libwere kwa inu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kuphunzira, ngakhale intaneti ikuchedwa

Kwa osewera a kum'mwera kwa Africa pali vuto lina lenileni, la ping, nthawi imene lamulo lanu limatenga kukafika ku seva ndi kubwerera. Dota 2 ili ndi seva ku South Africa. League of Legends ilibe seva kuno, choncho ambiri amasewera pa ya ku Ulaya, kumene ping imaposa mamilisekondi 150. Pamenepo kuzemba mbedza ndi kumaliza kamsilikali kumavuta, ndipo ndi nzeru kusankha ngwazi zosadalira liwiro la zala ndi kuzolowera kumenya msanga pang'ono. Koma taonani zimene takambirana: kuwerenga tiasilikali, kudziwa mlingo 2, kuweta gulu, kusunga nthawi ya Flash, kusankha nthawi yopita ku likulu. Palibe chimodzi mwa izi chimene ping ingakulandeni.

Njira yophunzirira ndi yachidule kuinena. Khalani ndi ngwazi ziwiri kapena zitatu pa msewu umodzi, kuti maganizo achoke pa mabatani apite pa mdani. Lowani mu Practice Tool, imene League inaika mu 2017, kapena malo oyeserera a mu Dota 2, mukolole mphindi 10 popanda mdani mpaka kuphonya kuchepe. Sewero likatha, onerani kanema wake, mphindi 10 zoyamba zokha. Pa imfa iliyonse bwererani m'mbuyo mphindi imodzi, muone pamene gulu linali ndi amene analiika pamenepo. Nthawi zambiri mudzapeza kuti imfayo inayamba ndi nkhonya ziwiri zosafunika zimene munamenya tiasilikali. Konzani chinthu chimodzi pa sewero lililonse.

Faker anapitirira, ndipo pofika 2024 anali atatenga chikho cha dziko lonse kasanu. Ambition, amene anaphedwa pansi pa nsanja yake tsiku lija, anasiya msewu wapakati n'kukhala jungler, wosewera wodziwika ndi kudekha ndi kukolola mosatopa. Mu Novembala 2017, m'bwalo lalikulu la ku Beijing, timu yake ya Samsung Galaxy inakumana ndi SK Telecom T1 ya Faker mu ndime yomaliza, n'kuigonjetsa 3 kwa 0. Onse awiri anakula ndi mwambo umodzi, wosamala zing'onozing'ono zimene owonerera saziimbira m'manja. Mwambo umenewo ndi wotseguka kwa aliyense. Sewero lotsatira likayamba ndipo gulu loyamba likukumana pakati pa msewu, dzanja lisathamangire kumenya. Yambani mwawerenga, ndipo mudzifunse kumene mukufuna kuti tiasilikali timeneti tikhale pakapita mphindi imodzi.